M'bale wa Mfumu

Tsiku limenelo kunacha ndi chiperoni, kamvula kamawawa kaja kosanyowetsa munda koma konyowetsa choko. A Gwaza, mphunzitsi wa Sitandade 8 pasukulu ya Khalapompo, anali akulimbana ndi bolodi, choko chikungotsetsereka osasiya chilembo. Ana anali atapisa manja m'khwapa, mano akugundana. Ndi pamene mesenjala wa ku likulu anatulukira pakhomo.

Mu Ufumu wa Mvomereni mesenjala sagogoda. Analowa, anakutumulira madzi a pachipewa chake pakope la mwana wa kutsogolo, n'kutsegula kukamwa.

"Tamverani mawu a Mfumu Yaikulu Sindilakwa Wachiwiri, Mwini Mvula ndi Dzuwa, Mlimi Woyamba, Dalaivala Wamkulu wa Dziko!"

Ana anaimirira n'kuwomba m'manja, ndipo anawomba ndi mtima wonse chifukwa kuwombako kunkafunditsa zala.

"Mfumu yamva chisoni," anatero mesenjala. "Dzana, ikudutsa pamsika, inafunsa mwana wina kuti Nduna ya Zitsime ndani. Mwanayo anayankha kuti kwawo kulibe chitsime. Umbuli woterewu Mfumu siingaulekerere. Choncho mwezi ukubwerawu ana onse a Sitandade 8 adzalemba Mayeso a Unzika, pepala limodzi dziko lonse, kuti mwana aliyense adziwe atsogoleri ake. Unzika ulibe theka: wophonya funso limodzi walephera. Ndipo mphunzitsi amene ana ake alephere adzasamutsidwira ku Sabwerako."

Ku Sabwerako kunali kasukulu ka kuseri kwa mapiri, komwe basi inkafika pokhapokha dalaivala akasochera.

"Pali funso, aphunzitsi?"

"Palibe," anatero a Gwaza.

A Gwaza sanali mbadwa ya ku Khalapompo. Anabwera monga mkamwini, kutsata a Nachisale, ndipo a Nachisale atamwalira iwo sanachoke. Manda anali m'kankhalango ka kutsidya kwa dambo. Kumanda munthu salowa wamba, choncho iwo ankangodzera njira ya m'mbali mwake popita ku sukulu, ngakhale inali yozungulira, n'kuvula chipewa, n'kuchivalanso akadutsa. Akuluakulu a maphunziro anayesapo kuwakweza kuti akakhale ahedi kwina. Yankho lawo linali "Ayi", ndipo amene anadikira kuti amve chifukwa chake akudikirabe. Munthuyu mawu ankawatulutsa ngati akuwazula m'nthaka youma. Koma mumtima ankadziwa chinthu chimodzi: pa Khalapompo sachokapo.

Vuto la unzika ku Mvomereni silinali kuuma mitu kwa ana. Vuto linali tulo ta Mfumu. Mfumu Sindilakwa ikalota, m'mawa mwake nduna zinkasintha. Mmodzi wa akazi ake akadzuka atakwiya, zinkasinthanso. Komanso panali lamulo lakale lakuti dzina la nduna yochotsedwa silitchulidwa pamodzi ndi mpando umene yachokapo, ndipo wolilemba wanyoza mpandowo. Tsono ofesi ya mayeso, pofuna kudziteteza, inalengeza kuti mayankho adzachongedwa potsata amene ali pampando tsiku lochongalo.

A Gwaza anayamba monga amayambira mphunzitsi aliyense.

"Nduna ya Misewu?"

"A Kachingwe!" kalasi yonse inakuwa.

"Nduna ya Zitsime?"

"A Mlongoti!"

Pofika Lachisanu ana ankayankha ngakhale ali kusewera fulaye. Lolemba wailesi inalengeza kuti Mfumu yalota njoka ili m'nsapato.

Zione, mtsikana wa pabenchi yoyamba amene sankasowa funso, anakweza dzanja. "Sala, a Kachingwe aja tiwafufute?"

"Fufutani."

"Tilembepo ndani?"

"A Mlongoti."

"Nanga pa a Mlongoti?"

"A Kachingwe."

Sabata yotsatira onse awiri anagwa. Ana ankafufuta ndi chala chonyowetsa ndi malovu, ndipo posakhalitsa makope anabooka, moti pamalo pa Nduna ya Misewu munthu ankatha kuona benchi.

"Sala," anadandaula Ganizani, mnyamata wamtali wa kumbuyo amene ankabwereza kalasiyo, "ine a Kachingwe ndinawaloweza kale. M'mutumu ndifufuta bwanji?"

"Iwala."

"Ndikamayesa kuwaiwala ndi pamene akubwera, Sala. Dzulo ndawalota."

"Usalote," anatero a Gwaza. "Wolota alipo kale."

M'masukulu ena aphunzitsi anasokonezeka mitu. Ena anapita kwa asing'anga kukaombeza nduna za mwezi wamawa. Wina anapeka nyimbo ya mayina onse, koma inkasintha pafupipafupi mpaka ana anangotsala ndi kung'ung'udza. A Gwaza sanapite kwa sing'anga, sanapekenso nyimbo. Anangoyamba kuchedwa pang'ono m'mbali mwa kankhalango kaja, chipewa chili m'manja.

Loweruka lina anapita kumsika wa Mwamvako kukagula tomato. Pakhonde la golosale panali mlamu wawo, a Chisale, mchimwene wa malemu a Nachisale, telala wodziwika ndi pakamwa kuposa ndi singano.

"Alamu! Alamu anga a ku Sabwerako!" anafuula a Chisale, phazi likupalasa makina. "Bwerani ndikuyezeni jekete laubweya. Akuti kumeneko kumazizira mpaka nkhuku zimapempha bulangete."

"Ayi."

"Musadandaule za nyumba, ndidzakusungirani. Ndiikamo nkhunda."

A Gwaza anasankha tomato pa mulu wa a Nasimango, mayi wogulitsa pafupi ndi khondelo. Kenaka anafunsa, osayang'ana munthu: "Nduna ya Misewu ndani lero?"

"Lero lake liti, aphunzitsi?" anatero a Nasimango. "La m'mawa kapena la masana?"

"La tsopano."

"Iii, dzina akusunga ndani? Ndi uja anakwatira mwana wa mlongo wawo wa Mfumu."

"Mwatsalira, mayi," anatero a Chisale. "Ameneyo anamukankhira ku Zitsime. Ku Misewu kuli mchimwene wa mkazi wamng'ono."

"Uja wamimba?"

"Onse ndi amimba, mayi, nenani china."

Anthu anaseka. Wogulitsa makala anaima, mayi wa zitumbuwa anasendera pafupi.

"Wa Zaumoyo?" anafunsanso a Gwaza.

"Msuweni wawo, uja amakalandira mankhwala kunja."

"Woweruza Wamkulu?"

"Atsibweni awo, aja amagona mlandu uli mkati n'kudzuka ndi chigamulo."

"Mkulu wa asilikali?"

"Apongozi aamuna. Akuti Mfumu ikamayendera asilikali, awiriwa amazembana, wina kudzera uku wina uku."

"Inu aphunzitsi mukuvutikiranji?" anatero a Nasimango, akuwonjezera katomato kamodzi ka basera. "Anthu aja sachoka. Amangosinthana mipando ngati alendo a paukwati pamene dzuwa lasuntha. Nkhope ndi zomwezija."

A Gwaza anaima chilili, tomato ali m'manja. Anaima nthawi yaitali, mpaka a Nasimango anayang'ana a Chisale ngati akufunsa kuti mlamu wanuyu ali bwino? Kenaka anatembenuka n'kuyamba kupita.

"Alamu, nanga jekete lija?"

"Musasoke."

Lolemba anafufuta bolodi lonse, n'kulembapo mawu atatu akuluakulu: M'BALE WA MFUMU.

"Nduna ya Misewu?" anafunsa, akuloza ndi ndodo.

Ana anayang'anana. Kenaka mawu ochepa, mwamanyazi: "M'bale wa Mfumu."

"Nduna ya Zitsime?"

"M'bale wa Mfumu!"

"Woweruza Wamkulu?"

"M'bale wa Mfumu!" Tsopano malata ankanjenjemera.

Zione anakweza dzanja. "Sala, mayeso onse ndi omwewa?"

"Eya."

"Nanga akafunsa amene anapambana mpikisano wa ulimi wa chimanga chaka chatha?"

A Gwaza anangokweza ndodo, kalasi n'kuyankha yokha.

"Nanga Sala," anatero Ganizani ali kumbuyo, "amene anasasula malata a chipatala chathu?"

"M'bale wa Mf..."

"Limenelo sadzafunsa," anatero a Gwaza.

Poti silabasi yonse inatha m'mawa umodzi, masiku otsalawo anawaphunzitsa masamu.

Tsiku la mayeso, woyang'anira wochokera ku likulu anagawa mapepala, anakhala pansi, anatulutsa nthochi. Asanamalize kusenda yachiwiri, ana a ku Khalapompo anali atamaliza ndipo ankapempha kutuluka. Anawasecha m'matumba, m'masokosi, ngakhale m'tsitsi la Zione, osapeza likasa.

Mapepala anapita ku likulu, ku Tidyenawo. Ndipo m'mawa wa tsiku lochonga, Mfumu inadzuka italota mbuzi yovala tayi. Nduna zinasintha madzi osamba asanazizire. Masukulu onse a mu Mvomereni analephera, ndipo malole anayamba kututa aphunzitsi, moti ku Sabwerako mwana mmodzi ankaphunzitsidwa ndi aphunzitsi okwanira timu ya mpira. Inatsala Khalapompo yokha. Mfumu yeniyeniyo inalankhula pa wailesi, ndi pakamwa pake, kuti ana a ku Khalapompo sanaphonye ngakhale funso limodzi, ndipo ichi ndi chipatso cha utsogoleri wake.

A Gwaza anamva zimenezi akusita malaya. Anati nkhani yatha. Koma m'mawa mwake mesenjala anabweranso: Mfumu ikufuna kuona mphunzitsi.

Anapalasa njinga yawo mpaka ku Tidyenawo. M'bwalo la Mfumu nduna zinali zitakhala m'mizere, mikanjo ikunyezimira. A Gwaza anaziyang'ana n'kuona kuti a Nasimango sananame: makutu ofanana, masaya ofanana, ngakhale kuyasamula kwake kunali kwa mtundu umodzi. Kumapeto kwa mzere kokha ndi kumene kunali munthu wowonda, wamagalasi, atafumbata mapepala. Ameneyu anali Wolemekezeka a Thombozi, Nduna ya Mayeso.

"Thombozi," inatero Mfumu, "werenga mayankho a ana anga, bwalo limve unzika."

A Thombozi anaimirira. "Nduna ya Misewu ndani? Ana akuti: m'bale wa Mfumu."

Bwalo linawomba m'manja. Nduna ya Misewu, imene inali itangolowa dzulo lake, inaweramitsa mutu modzichepetsa.

"Nduna ya Zitsime ndani? M'bale wa Mfumu."

M'manja. Mfumu inapukuta diso. "Ana aang'onoang'ono," inatero, "koma akudziwa kuti dziko lino ndi banja limodzi."

A Thombozi anapitiriza, funso ndi funso, m'manja ndi m'manja. Kenaka anawerenga mothamanga ngati munthu wodutsa pakhomo pa galu wolusa. "Nduna ya Mayeso ndani? M'bale wa Mfumu. Funso lotsatira..."

"Taima kaye!"

Mawuwo anachokera pamkeka wa pafupi ndi mpando wachifumu. Panali a Nagama, azakhali a Mfumu, mayi wamkulu thupi amene anali ataika amuna angapo m'manda ndipo ankaoneka kuti mphamvu zoikanso wina akadali nazo. Anatseka kabotolo kawo ka fodya wa mphuno.

"Iwe Thombozi, ubale wako ndi ife unalowera khomo liti? Mayi ako ndani? Ine ana a m'banja lino ndinawasambitsa onse, iwe sindikukumbuka."

Zoona zake n'zakuti a Thombozi anali mlendo yekhayo m'bwalomo. Loto lililonse linkawalumpha, chifukwa pankafunika mmodzi wodziwa kuwerenga tizilembo ting'onoting'ono. A Gwaza izi sankazidziwa. Kumsika sanafunse za Nduna ya Mayeso, ndipo ndani ku Mvomereni akanaganiza kuti munthu angakhale pampando chifukwa cha sukulu? Funso limodzi. Anaona kale msewu wa ku Sabwerako, ndi nkhunda za a Chisale zikulowa m'nyumba mwawo.

A Thombozi anagwada, mapepala akubalalika. "Mwini dziko, ndikhululukireni. Ochonga anabwera nalo kwa ine funsolo, akuopa. Ndinaona ana osalakwa, kalasi yonse, akunditcha m'bale wanu. Chikhalire changa pabwalo lino palibe ananditchapo choncho. Dzanja linachonga lokha."

"Ndiye kuti ana anaphonya," inatero Nduna ya Zitsime.

"Ndiye kuti wailesi inanama," inatero ya Misewu.

"Pa wailesi analankhula ndani?" inafunsa Mfumu mofatsa.

Nduna ziwirizo zinayamba kuyang'ana nsapato zawo.

Mfumu inatseka maso, bwalo lonse n'kugwira mpweya poopa kuti ingalote. Koma inawatsegula ikumwetulira.

"Ana akuti Nduna ya Mayeso ndi m'bale wanga. Ana sanaphonye, poti ine ndinanena kuti sanaphonye. Thombozi, vula mkanjo. Iwe mphunzitsi, kuyambira lero ndiwe Nduna ya Mayeso. Ndamva kuti mkazi wako anatisiya. Azakhali angawa ali okha. Loweruka ukwati, nyumba yako ili pompano pa Tidyenawo. Wakhala m'bale, funso lakhoza."

Nthungululu zinalira. A Nagama anawayang'ana a Gwaza kuyambira kumapazi mpaka kumutu, monga amayang'anira munthu mbuzi ya pamsika. "Ndi wachete," anatero. "Ndimawakonda achete. Sachedwa kuzolowera."

A Gwaza anaona kuti kuchokera ku kankhalango kaja, Tidyenawo ndi Sabwerako kutalika kwake n'chimodzimodzi.

"Sanandisudzule," anatero.

"Wati chiyani?" inafunsa Mfumu.

"Akuchikazi. Sanandisudzule."

Zinali zoona. Mwambo womasula mkamwini woferedwa kuti abwerere kwawo ndi kukakwatiranso unali usanachitike, chifukwa nthawi zonse akuchikazi akaitanitsa nkhaniyo, a Gwaza ankapezeka kuti ali ndi makope ochonga.

Mfumu inaseka. "Kanthu kakang'ono. Mesenjala! Pita ku Khalapompo, ukawauze amusudzule. Wokana abwere adzakanire pano."

Mesenjala anatuluka. A Gwaza ankamudziwa mlamu wawo: a Chisale sakanakana, akanapemphanso kuti suti ya ukwati asoke iwo. A Gwaza anayamba kuzula mawu ochuluka kuposa amene analankhula chaka chonsecho.

"Mwini dziko. Mayeso amachongedwa potsata tsiku lochonga."

"Ndi lamulo langa limenelo. Labwino kwambiri."

"Tsiku limenelo Nduna anali awa." Analoza a Thombozi, amene mkanjo unali utawakola m'khosi. "Ana analemba za awa. Ine ndikakwatira, awa akhalabe mlendo. Ana aphonya."

Anatembenukira kwa Mfumu.

"Wailesi inanena kale."

Mfumu inakanda chibwano. Inayang'ana atsibweni ake, Woweruza Wamkulu, amene ankawodzera. Wina anawagwedeza.

"Wolakwa!" anakuwa Woweruza, akudzidzimuka.

"Atsibweni, funso ndi ili: kodi ubale ungayambe chammbuyo?"

"Mwini dziko akalamula, ngakhale mwana angabadwe chaka chatha."

Nkhope ya Mfumu inawala. "Thombozi, vala mkanjo. Iwe unakwatira azakhali anga mwezi watha." Inaima kaye, nkhope n'kuyamba kuda. "Ndipo n'chifukwa chiyani sunatiitane?"

A Thombozi anayang'ana pamkeka paja. "Pepani, Mwini dziko," anatero ndi mawu a munthu womira. "Zinali zadzidzidzi."

"Mwano umenewo. Ukwati wa azakhali anga wopanda ng'ombe?"

"Komanso, Mwini dziko, kunyumba kuli mayi a ana..."

"Ameneyo ndi wamng'ono. Wamkulu ndi uyu."

"Mwezi wathunthu!" anakalipa a Nagama, akudzuka pamkeka. "Mwezi wathunthu m'banja, osandigulira ngakhale chitenje! Bwera kuno, bambo a kunyumba, undifotokozere kumene wakhala ukugona."

A Thombozi anapita akukwawa ndi maondo, misozi ili m'masaya, ndipo palibe akanatha kunena ngati inali ya chisoni kapena ya munthu amene wapeza abale. Nduna zinawazungulira, uyu akuti "alamu", uyu akuti "atsibweni". Mfumu inalamula kuti madyerero a ukwati wa mwezi watha achitike pompo, ndipo kuseri kunamveka ng'ombe ikulira. M'chipwirikiti chimenecho palibe anakumbukira kuti m'bwalomo munali mphunzitsi. A Gwaza anabwerera chafutambuyo, pang'onopang'ono, mpaka anapezeka ali panja.

Pachipata anapeza mesenjala atayedzeka njinga yake pamtengo wa mbawa, mphuno ikuloza kumene kunkachokera utsi.

"Aphunzitsi, musaganize kuti ndaiwala," anatero mesenjala. "Uthenga wosudzula uja Mfumu sinaubweze. Ndingolawa kachiwindi, ndinyamuka. Dzuwa likamalowa ndikhala ndafika kwa alamu anu."

"Chabwino."

"Mukudziwa malamulo a kuno. Lamulo likagona m'njira, m'mawa Mfumu yalota lina, langali lafa. Ine sindifuna mbiri yoti lamulo linafera m'manja mwanga."

"Kadyeni," anatero a Gwaza. "Chitha."

Mesenjala anathamangira kuseri. A Gwaza anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anaphwetsa matayala onse awiri a njinga ya mesenjala, anamangirira pampu yake pakaliyala yawo, n'kupalasa kubwerera ku Khalapompo.